Kanyale kachikasu kakayaka, funsani injini musanatulutse ndalama

Aliyense amene adaimapo pachipata cha Songwe m'boma la Karonga amaudziwa mdipiti wa galimoto zomwe zimalowa m'dziko muno kuchokera ku Tanzania. Zambiri mwa galimotozi zidayendapo kale ku Japan. Zimatsika m'sitima padoko la Dar es Salaam n'kuthamanga makilomita oposa 900 kudzera ku Morogoro, Iringa, Uyole ndi Tukuyu mpaka pa Kasumulu, pomwe zimaoloka mtsinje wa Songwe.

Zina zimapitirira ulendo wa ku Mzuzu, Lilongwe ndi Blantyre, koma zina zimathera konkuno. Ma Sienta, ma Probox, ma Freed, ma Vitz ndi ma Passo ndiwo akunyamula anthu pakati pa Karonga ndi Songwe, Chitipa, Uliwa kapena Chilumba. Ndiwo amatenga mpunga ku Kaporo ndi ku Hara, usipa ku Ngara, komanso kuthamangitsira mayi woyembekezera kuchipatala pakati pausiku.

Kwa mabanja ambiri galimoto yotere idagulidwa ndi ndalama za penshoni, za ngongole kapena za mpunga wa zaka zingapo. Ikaima, kunyumba nakonso kumaima.

Koma pali kanthu kena kakang'ono komwe kakusowetsa mtendere eni galimotozi. Aka ndi kanyale kachikasu ka padashibodi, kooneka ngati chithunzi cha injini, komwe pagalimoto zina kamakhala ndi mawu oti Check Engine.

Kakayaka, ena amangokayang'ana n'kumapitiriza ulendo poti galimoto ikuyendabe. Ena amakamata ndi tepi yakuda kuti kasamawalasa m'maso. Enanso amathamangira kugalaja komwe, bonetiyo isanatsekulidwe n'komwe, amauzidwa kuti "sensa yafa" ndipo agule ina.

Njira zitatu zonsezi zikhoza kudya ndalama za banja. Nanga kanyaleka kamafuna kunena chiyani, ndipo sensa yomwe imanamiziridwa kwambiriyi imagwira ntchito yanji?

Kanyale kali ndi chinenero chake

Galimoto zamakono zili ndi kakompyuta komwe kamayang'anira kayendedwe ka injini. Kompyutayi imalandira uthenga kuchokera ku tizipangizo tambiri, tomwe amakaniko amatitchula kuti masensa. Ina imayeza kutentha kwa madzi, ina kuchuluka kwa mpweya wolowa, ina liwiro lomwe injini ikuzungulira.

Uthenga wina ukabwera wosamveka, kompyuta imasunga nambala ya vutolo n'kuyatsa kanyale kaja. Zifukwa zomwe zingayatse kanyaleka ndi mazanamazana, kuyambira zazing'ono monga waya womasuka mpaka zikuluzikulu. N'chifukwa chake kanyale pakokha sikakwanira kuuza munthu chomwe chaonongeka.

Pali zinthu zitatu zomwe dalaivala aliyense ayenera kusiyanitsa.

Choyamba, mukapotokola kiyi injini isanalire, kanyaleka kayenera kuyaka, kenaka n'kuzima injini ikangolira. Uku n'kudziyesa chabe ndipo kumasonyeza kuti kanyaleko kali moyo.

Chachiwiri, kakayaka osazima koma galimoto ikuyenda bwino, sikuti muime pakati pa msewu. Mutha kukafika komwe mukupita mosathamangitsa, koma m'masiku ochepa galimotoyo ikaonedwe.

Chachitatu, kakamaphethira, apo zinthu zafika povuta. Nthawi zambiri izi zimatanthauza kuti silinda ina siikuotcha mafuta, ndipo petulo wosapsa akutsikira mupaipi ya ekizozi komwe akukayakira. Chepetsani liwiro, tsitsani katundu ngati n'kotheka, ndipo pezani malo oima msanga.

Nyale zofiira ndi nkhani ina. Ya oyilo, yooneka ngati kaketulo, kapena ya kutentha kwa injini ikayaka, imani pompo n'kuzimitsa injini. Kukakamira kuti mukafike pa Karonga boma muli ku Mlare kukhoza kupha injini yonse.

Mphuno ya injini

Kuti petulo apse bwino amafuna mpweya wokwanira. Akatswiri adapeza kuti pa galamu imodzi iliyonse ya petulo pamafunika magalamu 14.7 a mpweya. Mayi aliyense wophikira pambaula amadziwa zimenezi mwa njira yake: makala akachuluka mphepo n'kuchepa, moto umangofuka utsi.

Injini nayo ili chimodzimodzi. Mafuta akachuluka imatulutsa utsi wakuda n'kumamwa kwambiri. Mafuta akachepa imafooka, imatentha ndipo imadukizadukiza.

Sensa ya okosijeni ndiyo mphuno yomwe imanunkhiza utsi n'kuuza kompyuta ngati mafuta achuluka kapena achepa. Imamangidwa papaipi ya ekizozi ndipo maonekedwe ake ali ngati pulagi yokhala ndi mchira wa mawaya.

Kampani ya Bosch ya ku Germany ndiyo idakonza chipangizochi, ndipo mu 1976 kampani ya Volvo ya ku Sweden idayamba kuchiika m'galimoto zomwe zinkapita ku California m'dziko la America, komwe malamulo oletsa utsi woipa adali okhwima. Lero pafupifupi galimoto iliyonse ya petulo yochokera ku Japan ili nacho.

M'kati mwa sensa muli kadothi kootcha kotchedwa zirconia, kokutidwa ndi platinamu. Mbali imodzi ya kadothika imakhudzana ndi utsi, ina ndi mpweya wakunja. Kusiyana kwa okosijeni kumbali ziwirizi kumapanga timagetsi tochepa kwambiri: pafupifupi volti 0.9 mafuta akachuluka, ndi volti 0.1 mafuta akachepa.

Kompyuta ikaona 0.9 imachepetsa mafuta, ikaona 0.1 imaonjezera. Zimenezi zimachitika mobwerezabwereza ulendo wonse dalaivala osadziwa.

Ntchitoyi njofunika kwambiri kudera ngati lathu lino. Tauni ya Karonga ili m'mbali mwa nyanja, pamtunda wosafika mamita 500 kuchokera pomwe pamalekeza nyanja ya mchere, pomwe Mzuzu ndi Chitipa ali pamwamba kupitirira mamita 1,200. Galimoto ikamakwera Chiweta mpweya umanka nupepuka, ndipo kompyuta imayenera kusintha muyezo wa mafuta. Sensa ndiyo imaitsimikizira kuti yasintha molondola.

Komanso petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe. Malawi idayamba kuchita izi mu 1982 pomwe fakitale ya ku Dwangwa idatsekulidwa, ndipo ina ya ku Chikwawa idabwera mu 2004. Petulo wotere amafuna muyezo wosiyanako pang'ono ndi wa ku Japan, ndipo sensa yamoyo imathandiza kompyuta kuzolowera popanda makaniko kukhudza chilichonse.

Sensa siigwira ntchito isanatenthe kufika madigiri oposa 300. Pachifukwa ichi zambiri zili ndi kahita kake m'kati, ndipo kahitaka ndi kamodzi mwa tizigawo tomwe timafa msanga.

Galimoto zambiri zili ndi masensa awiri. Yoyamba imakhala pafupi ndi injini ndipo ndiyo imalamula za mafuta. Yachiwiri imakhala kuseri kwa kabokosi koyeretsa utsi kotchedwa catalytic converter, ndipo ntchito yake yaikulu n'kuona ngati kabokosiko kakuyeretsadi utsi.

Chimapha sensa n'chiyani?

Choyamba ndi ukalamba. Sensa imakhala pamoto moyo wake wonse, ndipo ikadutsa makilomita 100,000 imatha kuyamba ulesi. Galimoto zambiri zolowera pa Songwe zimafika zitayandikira kale kapena kudutsa pamenepa. Sensa yokalamba siifa tsiku limodzi. Imangochedwa kuyankha, ndipo mwini galimoto amaona mafuta akutha msanga kanyale kasanayake n'komwe.

Chachiwiri ndi mafuta oipa. Kale mdani wamkulu adali mtovu womwe unkathiridwa mu petulo. Mtovuwu umamata platinamu wa sensa ngati phula. Maiko a kummwera kwa chipululu cha Sahara adagwirizana mumzinda wa Dakar mu 2001 kuti asiye petulo wotere, ndipo adamusiya pofika kumayambiriro a 2006. Dziko la Algeria ndilo lidali lomaliza padziko lonse kumusiya mu 2021.

Mtovu udapita koma zigubu zidatsala. Nthawi yomwe mafuta adasowa kwambiri mu 2011 ndi 2012, komanso pomwe mizere idabwereranso kuyambira mu 2022, madalaivala ambiri adapulumukira kwa ogulitsa mafuta a m'zigubu. Mafuta ena otere amakhala abwino, koma ena amakhala ndi fumbi, madzi kapena parafini. Anzathu a ku Tanzania ali ndi mawu awo onena za kusakaniza kotereku, oti kuchakachua.

Petulo wosakaniza ndi parafini sapsa bwino. Amasiya mwaye pamapulagi ndi pamphuno ya sensa, ndipo kompyuta imayamba kulandira uthenga wabodza.

Chachitatu ndi matenda a injini yeniyeniyo. Injini yomwe ikudya oyilo, yotulutsa utsi wabuluu, imapaka sensa phulusa. Gasiketi ya hedi ikapsa, madzi a m'rediyeta amalowa m'silinda ndipo mankhwala ake amaononga sensa. Mukagula ina osachiza matendawa, nayonso ifa imfa yomweyo.

Chachinayi chimachokera kugalaja komweko. Amakaniko ena amakonda kumata gasiketi iliyonse ndi silikoni wa wamba. Nthunzi ya silikoni wotere ikalowa mu injini imakafika kusensa n'kuikuta ndi kaufa koyera. Pali silikoni wina wolembedwa kuti saononga masensa, ndipo ndiye woyenera painjini.

Chachisanu ndi misewu ndi nyengo. M'dzinja mitsinje ya North Rukuru, Lufilya, Kyungu ndi Songwe imasefukira, ndipo misewu yolowa m'midzi ya kwa Kilupula ndi kwa Mwakaboko imasanduka zithaphwi. Sensa yotentha ikamizidwa mwadzidzidzi m'madzi ozizira, kadothi kake kamatha kung'aluka ngati mphika wochotsedwa pamoto n'kuthiridwa madzi. Matope amalowanso m'mapulagi a mawaya n'kuyambitsa dzimbiri.

Miyala ndi zitsa zimadula mawaya a sensa yachiwiri poti imakhala kunsi kwa galimoto, ndipo ma Sienta ndi ma Freed ngofupika, makamaka akadzaza anthu ndi matumba. Makoswe nawo salekerera. Galimoto yogona pafupi ndi nkhokwe kapena chigayo cha mpunga imatha kudzuka mawaya atatafunidwa.

Ndalama zotuluka ndi utsi

Kompyuta ikasiya kukhulupirira sensa imayamba kuthira mafuta mongoyerekeza, ndipo kawirikawiri imathira ochulukirapo pofuna kuteteza injini. Apa mpomwe mwini galimoto amayamba kumva kuwawa.

Zizindikiro zake ndi izi: galimoto kumwa mafuta kuposa kale, mwaye wakuda kukamwa kwa ekizozi, fungo la petulo wosapsa kapena la mazira oola, injini kunjenjemera ikaima pasiteji, komanso kuchedwa kuyankha mukaponda moto.

Tiwerengere limodzi mongoyerekeza. Kuchoka pa Karonga boma kukafika pa Songwe ndi makilomita pafupifupi 45. Dalaivala wopita n'kubwera katatu patsiku wayenda makilomita 270. Ngati galimoto yake imayenda makilomita 14 pa lita, afunika malita 19. Ikatsika kufika pa makilomita 11 pa lita, afunika malita oposa 24.

Kusiyanaku ndi malita asanu tsiku lililonse. Pa masiku 26 ogwira ntchito pamwezi ndi malita oposa 130. Chulukitsani nokha ndi mtengo wa petulo wa lero, ndipo muona kuti fizi ya mwana ndi thumba la feteleza zikutuluka ndi utsi.

Nkhaniyi imayambitsanso mikangano. Mwini galimoto amaganiza kuti dalaivala akuba mafuta kapena akubisa ndalama, dalaivala naye n'kumalumbira kuti sadatengepo kanthu. Ena achotsedwa ntchito pamlandu womwe wolakwa wake ali pansi pa boneti.

Vuto likakhalitsa limabala linzake. Petulo wosapsa amakatentha catalytic converter mpaka zisa zake za m'kati kusungunuka n'kutseka njira ya utsi. Zikatero galimoto imalephera kukwera ngakhale kachitunda, ndipo kabokosi kameneka n'kodula kuposa sensa kangapo konse.

Palinso za moyo. Injini yomwe ikuotcha mafuta ochuluka imatulutsa mpweya wambiri wa poizoni wotchedwa carbon monoxide, womwe suoneka ndipo sununkha. Paipi ya ekizozi ikakhala yobooka, mpweyawu umalowa m'galimoto. Ana okhala kumbuyo akamadandaula mutu, chizungulire kapena tulo tosadziwika bwino paulendo, tsekulani mawindo ndipo ekizoziyo ikaonedwe.

Kuiika pa kompyuta

Kuyambira mu 1996 dziko la America lidalamula kuti galimoto zonse zazing'ono zogulitsidwa kumeneko zikhale ndi njira imodzi yofotokozera mavuto ake, yotchedwa OBD-II. Maiko a ku Ulaya adatsatira mu 2001 pagalimoto za petulo, ndipo Japan nayo idakhazikitsa njira yake yofananako.

N'chifukwa chake kunsi kwa chiongolero, chapafupi ndi maondo a dalaivala, kuli kasoketi ka mabowo 16. Makaniko akalumikiza makina ake pamenepa amawerenga nambala zomwe kompyuta yasunga. Uku ndiye kumene anthu amati kuiika galimoto pa kompyuta.

Masiku ano kuli timakina totsika mtengo tolumikiza ku foni ya m'manja. Timathandiza, ngakhale kuti tina timalephera kulankhula ndi galimoto zakale zomwe zidapangidwira msika wa ku Japan wokha. Pa ma Toyota akale kwambiri, a m'ma 1990, amakaniko amalumikiza mabowo awiri olembedwa TE1 ndi E1 n'kuwerenga kuphethira kwa kanyale. Nambala 21 pamenepo imaloza kusensa ya okosijeni.

Pali nambala zingapo zomwe mwini galimoto angachite bwino kuzidziwa. Kuyambira P0130 mpaka P0135 zimakhudza sensa yoyamba, ndipo P0135 imanena za kahita kake. Kuyambira P0136 mpaka P0141 zimakhudza sensa yachiwiri. P0171 imati mafuta akuchepa poyerekeza ndi mpweya, P0172 imati akuchuluka. P0300 mpaka P0304 zimanena za masilinda omwe akuphonya kuotcha, pomwe P0420 imati catalytic converter siikuyeretsa utsi mokwanira.

Apa mpomwe ambiri amagwera m'mbuna. Nambala imangoloza komwe kukumveka kulira, siitchula wolakwa. Sensa ikanena kuti mafuta akuchepa, kawirikawiri imakhala ikunena zoona. Kuichotsa chifukwa cha uthengawo kuli ngati kumenya mthenga wobweretsa uthenga wa maliro.

P0171, mwachitsanzo, ikhoza kubwera chifukwa kapaipi ka labala kang'ambika ndipo injini ikuyamwa mpweya wakuba. Ikhoza kubwera chifukwa pampu ya mafuta yatopa, fyuluta yatsekeka ndi zinyalala za m'zigubu, kapena sensa ina yoyeza mpweya wolowa yadzaza fumbi la m'chilimwe.

Ekizozi yobooka pakati pa injini ndi sensa nayo imapusitsa. Mpweya wakunja umalowera pabowopo, sensa n'kuona okosijeni wambiri, kompyuta n'kumaonjezera mafuta omwe injini siikuwafuna. Mankhwala ake ndi wowotcherera zitsulo basi.

Makaniko wodziwa ntchito yake amayamba ndi kulemba nambala zonse asanafufute chilichonse. Kenaka amayang'ana ndi maso: mawaya, mapulagi ake, mafyuzi, timapaipi ta labala ndi ekizozi. Fyuzi imodzi yopsa imatha kuzimitsa kahita ka sensa yabwinobwino.

Akatero amatenthetsa injini n'kuona pamakina momwe sensa ikuyankhira. Sensa yoyamba ya mtundu wakale iyenera kumakwera n'kutsika pakati pa 0.1 ndi 0.9 kangapo m'masekondi khumi. Ikangoima malo amodzi kapena kumayenda mwaulesi, pali chifukwa choikayikira. Yachiwiri iyenera kukhala yodekha. Ikamavina mofanana ndi yoyamba, ndiye kuti catalytic converter yatha kapena mulibemo.

Galimoto zambiri zatsopanopo, kuphatikizapo ma Toyota, zili ndi sensa yoyamba ya mtundu wina, yomwe amati air-fuel ratio sensor. Iyi siivina ngati yakale ija, ndipo pamakina a Toyota imaonetsa pafupifupi mavolti 3.3. Makaniko wosadziwa kusiyanaku akhoza kuweruza kuti yafa pomwe ili bwinobwino.

Makina amaonetsanso kuchuluka kwa mafuta omwe kompyuta ikuonjezera kapena kuchotsa pamuyezo wake. Zikakhala mkati mwa 10 peresenti palibe chodetsa nkhawa kwenikweni. Zikapitirira apo, pali chomwe kompyuta ikulimbana nacho, ndipo chiyenera kupezeka musanagule chipangizo chilichonse.

Safunsa adadya phula. Mwini galimoto ali ndi ufulu wofunsa makaniko kuti nambala yatuluka ndi iti, wayeza chiyani, ndipo n'chiyani chikumutsimikizira kuti sensa ndiyo yafa. Lembani nambalayo m'kabuku kapena ijambuleni pafoni. Makaniko wachilungamo sakwiya ndi mafunso otere.

Kufufuta si kuchiza

Pali chizolowezi chochotsa waya wa batire kwa mphindi zingapo kuti kanyale kazime. Ena amalipiritsa ndithu pongofufuta nambala ndi makina. Kanyale kamazimadi, mwini galimoto n'kubwerera kunyumba akumwetulira.

Koma kompyuta imayambiranso kuyesa zonse, ndipo pakatha maulendo angapo kanyale kamabwerera. Choipa china n'chakuti umboni womwe ukadathandiza kupeza vuto umakhala utafufutika.

Enanso amalangiza kuti sensa ingozulidwa waya galimoto iziyenda choncho. Imayendadi, koma imamwa mafuta moyerekeza muja tanenera, ndipo poti kanyale kamakhala koyaka nthawi zonse, vuto lina lalikulu likabwera simungadziwe.

Kutsuka sensa ndi petulo kapena kuikwecha ndi bulashi yawaya sikuibwezeretsa moyo ngati yakalamba kapena yadya poizoni. Mwaye wakunja ungachoke, koma kadothi ka m'kati kakatha, katha.

Pogula ina

Zikatsimikizika kuti sensa yafadi, gulani yogwirizana ndi injini yanu. Galimoto za dzina limodzi zimatha kukhala ndi injini zosiyana, choncho tengani nambala ya chasisi kapena nambala yolembedwa pasensa yakaleyo. Kungowerenga mawaya sikukwanira, pakuti masensa a mitundu iwiri ija amatha kukhala ndi mawaya anayi onse koma osalowana ntchito. Yoyamba ndi yachiwiri nazonso sizisinthana pagalimoto zambiri.

Makampani odziwika popanga masensa ndi Denso, NTK ndi Bosch, koma zachinyengo zonyamula maina omwewa ziliponso pamsika. Mtengo ukatsika modabwitsa, kayikirani. Pemphani lisiti ndipo gwirizanani zobweza ngati siigwira.

Sensa yochotsedwa pagalimoto ina ili ngati nsapato ya pakaunjika: mutha kupeza yabwino, koma palibe angakuuzeni kuti yayenda mtunda wotani. Ngati thumba lakakamiza, iyesedwe pamakina mutangoimanga, ndalama zonse zisanaperekedwe.

Pomasula, ambiri amagwiritsa ntchito sipanala ya 22, ndipo imamasuka bwino ekizozi ikakhala yofunda koma yosaotcha. Waya wake asapotokoledwe ndipo asagunde paipi yotentha. Girizi kapena oyilo asakhudze mphuno yake. Galimoto ikakwezedwa iikidwe pazochirikiza zolimba, chifukwa jeke yokha yavulaza anthu ambiri.

Ogula galimoto achenjere

Kwa omwe akufuna kugula galimoto, kaya pa Songwe kaya kwa munthu pa Karonga, pali kayeso kosafuna ndalama. Potokolani kiyi osaliza injini n'kuyang'ana dashibodi. Kanyale ka injini kakapanda kuyaka konse, mwina wina adachotsa babu kapena adakamata kuseri pofuna kubisa matenda.

Suzumiraninso kunsi. Catalytic converter ili ndi zitsulo zamtengo wapatali, platinamu, palladium ndi rhodium, ndipo kuba kwake kudafala m'maiko ambiri. Ena amadula kabokosi konse n'kuwotchererapo paipi, ena amangokhuthula za m'kati n'kutsekanso. Zipsera zatsopano zowotcherera pagalimoto yomwe yangofika kumene ndi chenjezo. Galimoto yotere imabweretsa P0420 posakhalitsa, ndipo kusintha masensa sikungaithetse.

Ndi bwinonso kuyenda nayo mtunda wautaliko musanalipire, chifukwa nambala zomwe zangofufutidwa kumene zimatenga nthawi kuti zibwerere.

Kupewa kumaposa kuchiza. Thirani mafuta pamalo ovomerezeka pomwe mungathe, ndipo zikavuta mpaka kugula a m'chigubu, asefeni ndi kuwayang'anitsitsa. Sinthani oyilo, mapulagi ndi fyuluta ya mpweya panthawi yake, makamaka m'miyezi ya fumbi. Pewani kulowetsa galimoto yotentha m'madzi akuya. Ekizozi ikayamba kulira mwachilendo, ikawotcheredwe msanga.

Sungani kabuku m'galimoto momwe muzilemba makilomita ndi malita nthawi iliyonse mwathira mafuta. Kabuku kameneka kamaulula sensa yotopa kanyale kasanatero, ndipo kamathetsa milandu pakati pa bwana ndi dalaivala.

Kwa achinyamata omwe akuphunzira umakaniko m'magalaja ndi m'sukulu zaluso, nthawi yodalira khutu ndi sipanala zokha idapita. Galimoto zolowera pa Songwe zikunka zidzaza mawaya chaka ndi chaka, ndipo mawa ntchito idzakhala ya wodziwa kuwerenga makina ndi kuyeza magetsi.

Akuluakulu adati wakutsina khutu ndi mnansi. Kanyale kachikasu kaja n'komwe kamatsina khutu mwini galimoto zinthu zisanafike poipa, ndipo womvera msanga amalipira zochepa.